Ngati munatenthadi failo ya bambo anga, tionetseni pepala lomwe munasainirana

Kwa inu Bwana Mkulu wa ofesi yosunga mafailo a antchito a boma kwathu kuno, pamodzi ndi nonse amene mumakhala kuseri kwa kauntala ija.

Ndalemba poyera chifukwa buku la madandaulo ndinalipempha, ndipo ndinayankhidwa kuti lili m'kabati, mwini kiyi watuluka. Ndiye muwerengere pompano, anthu akuona.

Bambo anga malemu anali mphunzitsi wa pulaimale. Anayamba kugwira choko mu 1984. Mu 1986, chaka chomwe Samora Machel, pulezidenti wa dziko lathu la Mozambique, anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini, nkhondo inafika kwathu, nyumba inapsa ndi zonse zam'katimo, kalata yawo yowalembera ntchito inapsera momwemo. Anathawira ku Malawi monga anachitira anthu ochuluka a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi madera ena a kuno ku Tete. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 anabwerera, nayambiranso kuphunzitsa ana pansi pa mtengo, sukulu ilibe denga. Anamwalira dzinja lapitali ali mkati mothamangitsa contagem de tempo kuti zaka zawo za ntchito ziwerengedwe apume. Tsopano amayi akuyenera kulandira penshoni ya mkazi wamasiye, ndipo khomo lililonse lomwe tagogoda akutiuza chimodzimodzi, kuti tibweretse zochokera mu processo individual ya malemu. Failo imeneyo sikhala kunyumba kwathu, Bwana. Imakhala kwa inu, ndipo mumalandira malipiro mwezi ndi mwezi kuti muziisunga.

Tinayamba kukupondani mvula isanathe, cha m'ma Febuluwale kapena Malichi. Masiku andisokonekera, koma ndalama ndimalemba m'kabuku. Chapa, minibasi yomwe timakwera, kuchokera kwathu kufika pa boma ndi 250 meticais munthu mmodzi, ndiye ine ndi amayi kupita ndi kubwerera imakwana 1,000 meticais. Mafotokope a BI (chitupa cha unzika), a kalata ya imfa, a kalata ya ukwati ndi zidindo zake anadya 385. Munandituma ku Tete kuti mwina failo inatumizidwa kuchigawo. Ndinapita ndekha, 1,300 ya ulendo, 700 ya pogona, m'kutentha kuja kwa mumzinda, ndikukangouzidwa kuti kumeneko sikunafike kanthu, ndibwerere kwa inu nomwe. Pofika lero, kuphatikiza maulendo onse a chapa obwera kwa inu, zonse pamodzi ndi 6,885 meticais. Imeneyo ndi mbatata ya kachewere yomwe amayi anakumba ndi manja awo, yomwe anati agulire feteleza wa chaka chino.

Zonsezo ndikanapirira. Chandilembetsa ndi cha ulendo womalizawu.

Tinadzuka tambala woyamba kuti 7:30 itipeze pakhomo panu. Inatipezadi, ife ndi anthu ena, koma pa kauntala panalibe munthu. Dzuwa litakwera ndithu, anatulukira mnyamata uja amakhala pa tebulo la kuzenera, foni ili kukhutu. Tinadikira amalize. Amayi anawerama, nawomba m'manja, namupatsa moni kuti "Mwadzuka bwanji, mwana wanga?" Iye osayankha, osadzutsa ndi mutu womwe, anangoti sistema palibe. Ine ndinafotokoza mwaulemu kuti sitikufuna za mu kompyuta, poti kompyutayo tinauzidwa kale kuti ikungoonetsa dzina ndi malipiro a zaka zaposachedwa, ife tikufuna failo ya mapepala. Apo ndi pomwe anaponya cholembera patebulo, nayang'ana amayi, nanena mawu awa, ndipo onse anali pamzere anamva: "Iwe gogo, ukufuna ndikafukule manda? Mapepala amakedzana aja tinatentha kalekale. Pita ukadikire kunyumba."

Bwana Mkulu, mayi ameneyo tsitsi lomwe anameta pa maliro a amuna awo silinamere bwino. Mnyamata wa msinkhu wa mdzukulu wawo akuwauza za kufukula manda pamaso pa gulu. Mwina iyeyo kapena makolo ake anaphunzira kulemba dzina m'kalasi ya bambo angawo. Amayi sanayankhe kanthu. Anatuluka, nakhala pa khonde lanu, nadziphimba nkhope ndi chitenje. Ine ndinaima chilili, manja akunjenjemera, ndipo chinandigwira kuti ndisachite choipa ndi ulemu wa amayiwo basi. Kodi mumawaphunzitsa chiyani ana amenewa musanawaike pa kauntala? Kodi alipo wamkulu amene amatuluka mu ofesi yake nkumvako mmene anthu akulankhulidwira pakhomo pake?

Tsono tiyeni tikambe za kutenthako, poti mwini wake ananena mosabisa. Failoyo inalipo. Bambo anaiona ndi maso awo zaka zapitazo pomwe ankakonza za kukwezedwa pa ntchito, ndipo anabwera kunyumba akusimba mokondwa kuti apezamo pepala la 1984 lija, lofiirira koma lowerengeka. Ndiye kuti failo imeneyi inapulumuka nkhondo ya zaka 16, nkudzafera m'manja mwanu nthawi ya mtendere.

Musaganize kuti anthu akumudzi sitifunsa. Dziko lino lili ndi Sistema Nacional de Arquivos do Estado, SNAE, yomwe inakhazikitsidwa ndi Decreto 36/2007 nkukonzedwanso ndi Decreto 84/2018. Malamulo amenewa amakhudza ofesi zonse za boma, kuyambira ku Maputo mpaka kuno kumalire. Amati pepala la boma limayamba lakhala pafupi pomwe likugwira ntchito tsiku ndi tsiku, kenako limapita kosungira kodikirira, ndipo pamapeto pake ena amasungidwa mpaka kalekale, ena ndi omwe amaloledwa kutayidwa. Pali tabela de temporalidade yomwe imanena mtundu uliwonse wa pepala kuti ukhale nthawi yaitali bwanji. Pali komiti younika mapepala yomwe iyenera kukhala pansi kaye, kuona, ndi kulemba mndandanda wa zomwe zikutayidwa. Palibe pomwe amati wantchito akaona kuti chipinda chadzaza atenge machesi. Ngakhale kumudzi munthu sagwetsa nkhokwe asanasuzumire ngati mwatsala chimanga.

Ndiye ndikufunsa, komiti yanuyo inakhala liti? Ndani anaona failo ya mphunzitsi amene anali moyo, akugwirabe ntchito, asanalandire ndi khobidi limodzi la penshoni, nkunena kuti iyi ndi yotha ntchito? Anasaina ndani? Ngati zinayenda mwa lamulo, mndandandawo ulipo ndipo dzina la bambo anga lilipo, tionetseni. Ngati mndandanda palibe, ndiye kuti wina anawononga katundu wa boma, ndipo munthuyo ali ndi dzina. Ku Maputo kuli Arquivo Histórico de Moçambique, yomwe inayamba mu 1934, ndipo mpaka lero munthu amatha kukawerengako makalata a nthawi ya Apwitikizi. Mapepala a atsamunda akusungika, a mphunzitsi wa dziko lodzilamulira akulephereka?

Komanso ine kutenthako sindikukukhulupirira kwenikweni, ndipo ndinena chifukwa chake. Pomwe ndinkapita kukatunga madzi oti amayi amwe, ndinadutsa kuseri kwa ofesi yanu, ndipo chitseko cha chipinda chosungira chinali chotsegula. Abale anga, zomwe ndinaona inu! Mafailo ali m'matumba a feteleza, ena angounjikidwa pansi pa simenti popanda ndi thabwa lomwe. Pakona pomwe denga limadontha mapepala anamatana nkuda bii. Chiswe chamanga njira zake kukwera khoma mpaka kulowa m'mulu. M'chipinda momwemo mwaimikidwa njinga yamoto ya munthu, pambali pali zigubu ndi makasu. Palibe shelefu yolembedwa chaka, palibe chizindikiro choti thumba ili ndi la aphunzitsi, ili ndi la azaumoyo. M'chipinda chotere ndani angapeze kanthu? Ndaona kuti mawu oti tinatentha ndi njira yachidule yothamangitsira munthu kuti wina asadetse malaya pofufuza m'matumbamo. Failo ya bambo anga mwina ili momwemo, ikudyedwa pang'onopang'ono pomwe ine ndikulemba pano.

Chinanso. Tili pa khonde paja anatiyandikira bambo wina amene amangozungulirazungulira pamenepo, wosavala chizindikiro chilichonse, nandinong'oneza kuti ndikapeza 1,500 meticais ya refresco iye akhoza kulankhula ndi anyamata a m'kati failo nkupezeka. Ndinakana. Sindikunena kuti munamutuma ndinu, koma amakhala pakhomo panu tsiku lonse ndipo alonda anu amamudziwa. Mundiuze, pepala lomwe linapsa lingadzuke bwanji ndi 1,500?

Ndikudziwa kuti ndalama zoyendetsera maofesi a m'maboma ndi zochepa, ndipo si nonse muli ndi mtima woipa. Alipo mayi wina wachikulire pa ofesi panupo amene tsiku lina anawapatsa amayi mpando nawapepesa, Mulungu awadalitse. Koma kuika matabwa pansi kuti mapepala asagunde simenti sikufuna bajeti yochokera ku Maputo. Kumata bowo la lata limodzi, kuthira mankhwala a chiswe, kutulutsa njinga yamoto ija, kulemba chaka pa katoni ndi cholembera, zimenezi zikufuna munthu wosamala basi. Ndipo kuyankha moni wa mayi wamasiye sikulira ndalama.

Inu amene mukuwerenga, a ku Ulongue, a ku Domue, a ku Furancungo, a ku Zobue, ngakhale abale athu a kutsidya ku Dedza ndi Ntcheu amene munatisunga nthawi ya nkhondo, musaone ngati nkhaniyi ndi ya banja lathu lokha. Ambiri a ife mapepala athu a kunyumba anapsa kapena anatayika pothawa, ndipo chomwe chinatsala chotiikira umboni ndi chomwe chili m'manja mwa boma. Za munda ziliko bwino, poti lamulo la malo la 1997 limalola kuti anthu a m'mudzi aikire munthu umboni ngakhale alibe pepala la DUAT, la ufulu wogwiritsa ntchito malo. Koma za penshoni ife atiuza kuti akufuna pepala, nyakwawa ngakhale alumbire chotani. Mwana wofuna BI amufunsa za kubadwa kwake, namwino wofuna kupuma amufunsa zaka zake, ndipo zonsezo zimachokera m'zipinda ngati chomwe ndinaonacho. Tsiku lomwelo pa siteji ya chapa ndinagula mtedza wokazinga, ndipo pepala lomwe anakulungira linali la ofesi ya boma, lokhala ndi chidindo, dzina la munthu, nambala ya BI ndi malipiro ake. Kumene linachokera wogulitsayo anangoti amagula mapepala kwa anyamata. Lero ndi la munthu wina, mawa mudzapeza matenda anu kapena ngongole yanu akukulungira mandasi. Kodi alipo wina amene anauzidwapo kuti failo yake inapsa kapena inadyedwa ndi chiswe? Nenani, tidziwane, tisamangolira aliyense pa khonde payekha.

Bwana Mkulu, zomwe ndikufuna ndi izi. Mutume anthu atsegule matumba aja limodzilimodzi, ndipo ngati manja akuchepa ine ndi azichimwene anga tibwera kudzanyamula, inu muzingowerenga. Failo ikapanda kupezeka, mutipatse kalata yosainidwa ndi kudindidwa yonena kuti inatayika m'manja mwa ofesi yanu, ndipo muyambe nokha kuimanganso kuchokera ku mapepala a malipiro, mabuku a ku masukulu komwe bambo anaphunzitsa ndi zomwe zili kuchigawo. Ulendo wa zimenezo ukhale wanu, amayi asagulitsenso kanthu. Mnyamata uja apepese kwa amayi pamaso pa anthu, pa khonde pomwe anawaliritsa. Za 6,885 meticais ndikudziwa kuti mudzati palibe thumba lobwezera, koma ndalemba kuti muidziwe, ndipo ndidzaitchula kulikonse komwe nkhaniyi ikafike.

Sabata ikubwerayi ndibweretsa pempho lolemba, makope awiri, ndipo imodzi mudzandidindira tsiku lolandirira. Ndikupempha kudzera mu lamulo la ufulu wopeza uthenga, Lei 34/2014, lomwe limakupatsani masiku 21 kuti muyankhe. Musadzandiuze kuti sistema palibe, chidindo sichifuna magetsi. Masikuwo akadzatha muli chete, ndikatula nkhaniyi kwa Provedor de Justiça, mkulu wolandira madandaulo a anthu pa maofesi a boma, za bambo wa 1,500 uja ndikazinena ku ofesi yolimbana ndi katangale, ndipo zithunzi za chipinda chija, zomwe ndinajambula ndipo ndazisunga, ndidzaziika pano pa Facebook ndi kuzipereka ku wailesi. Dzina la mnyamatayo ndikulidziwa, lero ndalisunga chifukwa cha makolo ake. Ndipo amayi sadzabweranso okha ndi ine. Ana omwe bambo anawaphunzitsa ndi ambiri, ena ndi aphunzitsi, ena ndi madalaivala a chapa zomwe mumakwera, ndipo amene ndalankhula nawo avomera kale kuti tidzakhala nawo pa khonde lanulo kuyambira 7:30 mpaka 15:30, tsiku ndi tsiku, kufikira wina atatsegula matumba aja.