Pa 7 May ukaponye voti, mwana wanga

Mwana wanga wokondedwa,

Amayi ako andiuza zimene unanena pafoni Lamulungu, zoti ku chisankho cha chipulura cha pa 7 May chaka chino cha 2024 kuno ku Indiana sukapitako chifukwa wopambana anadziwika kale. Usiku umenewo tulo sindinatione, ndiye ndati ndikulembere.

Zoti anadziwika kale sindikutsutsa. Ku Iowa pa 15 January, posankha woimira chipani cha Republican pa mpando wa pulezidenti, a Trump anapeza mavoti 51 pa 100 alionse, a Ron DeSantis 21, mayi Nikki Haley 19. Sabata isanathe a DeSantis anasiya mpikisano. Mayi Haley analimbikira mpaka pa 6 March, atagonja ngakhale kwawo ku South Carolina, n'kupambana ku Vermont ndi ku Washington D.C. kokha.

Amene mtima wanga unkafuna ndi a Mike Pence, bwanamkubwa wathu wakale uja, koma anatuluka mu October 2023 voti isanaponyedwe ndi imodzi yomwe. Pa 6 January 2021 munthu uyu, ali wachiwiri kwa pulezidenti Trump, anaumirizidwa kuti akane zotsatira za chisankho, gulu likufuula panja kuti apachikidwe, iye n'kusunga lumbiro lake. Chipani chimene chimati chimalemekeza malamulo oyendetsera dziko chinamutaya chifukwa cha zimenezo. Zimandiwawa mpaka lero.

A Trump sindiwalanda zawo. Anasankha oweruza atatu a khoti lalikulu, mmodzi mwa iwo mayi Amy Coney Barrett amene ankaphunzitsa pa Notre Dame pompano pa South Bend, ndipo mu 2022 chigamulo cha Roe v. Wade, chimene chinkapereka ufulu wochotsa mimba, chinagwa. Ine ndi amayi ako tinapempherera zimenezo zaka zambiri. Koma m'zaka zawo zinayi, kuyambira 2017 mpaka 2021, ngongole ya dziko inakwera ndi pafupifupi madola 8 thililiyoni, ndipo pofika 2024 inadutsa 34 thililiyoni. Adzaibweze ndi ana ako. Pamtsutso wa opikisana pa chipulura chino sanapiteko ndi kamodzi komwe, ndipo pakamwa pawo pamatuluka mawu amene sindikanalola kuti uwanene m'nyumba mwanga.

A DeSantis, monga bwanamkubwa wa Florida, anasaina lamulo loletsa kuchotsa mimba ikadutsa masabata 6, ndipo pa chimenecho ndimawapatsa ulemu. Mayi Haley, mwana wa anthu obwera ngati ife tomwe, makolo awo ochokera ku Punjab, ndi amene anayankhula za ngongole mosapsatira, mpaka kunena kuti achinyamata adzafunika kupuma pantchito mochedwerapo. Mawu otere sakopa mavoti, komabe anawanena. Dzina lawo likadali papepala la kuno ndipo ine ndikachonga pamenepo, kuti akuluakulu a chipani akamawerenga aone kuti tilipo amene tikufuna mwambo ndi ulemu pamodzi.

Sindikukusankhira munthu. Ndiwe wamkulu, ndipo ndikudziwa kuti pa nkhani ya anthu olowa m'dziko muno timasiyana. Koma papepala lomwelo pali anthu 6 olimbirana mpando wa bwanamkubwa wathu a Eric Holcomb amene akumaliza nthawi yawo. Kuyambira 2005 bwanamkubwa wa Indiana wakhala wa Republican, ndiye amene apambane mu May ali ndi mwayi waukulu wodzalamula za sukulu ya adzukulu anga ndi msonkho wa nyumba yako.

Pa 14 June 1993 ndinaima pamzere kumudzi kuyambira mbandakucha kuti ndikavotere nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, iwe uli kumsana kwa amayi ako. Agogo ako aamuna anamwalira asanasankhepo pulezidenti.

Amatsegula 6 koloko m'mawa n'kutseka 6 koloko madzulo. Utenge chiphaso chokhala ndi chithunzi chako, ukafika ukapemphe pepala la chipani chimene ukufuna. Ana ukawasiye kuno, amayi ako awasowa.

Ndine bambo ako.