Ayambe wajambula, kuwerengera kubwere pambuyo

Wokondedwa mnzanga,

Kalata yako ndalandira, ndipo mtima wakhala pansi kumva kuti nonse muli bwino kumeneko. Ife kuno tilipo. Koma za mwana wathuyo zandikhudza. Wati ma quadratic equation, masamu aja okhala ndi x², amawakhoza akawapeza olembedwa kale, koma funso likabwera m'mawu, lonena za kukula kwa chipinda kapena dimba, amangoti kakasi. Usamukalipire. Mutu wake uli bwinobwino, chimene chikumusowa ndi chithunzi basi.

Umuuze kuti asanalembe x, ayambe wajambula chinthu chimene funso likunena. Nachi chitsanzo: chipinda cha rekitango, m'litali mwake mukuposa m'lifupi ndi mamita 5, ndipo pansi ponse ndi masikweya mita 84. Pachithunzipo mbali yaifupi ailembe x, yaitali x + 5. Ziwirizi akachulukitsa zipereke 84, ndiye apeza x² + 5x − 84 = 0. Tsopano asake manambala awiri oti kuwachulukitsa apereke −84, kuwaphatikiza apereke 5. Ndi 12 ndi −7. Choncho (x + 12)(x − 7) = 0, ndipo x ndi 7 kapena −12. Khoma lotalika mamita −12 kulibe, ndiye chipindacho ndi mamita 7 m'lifupi, 12 m'litali.

Limeneli ndi losavuta. Ana ambiri amagwa pa mafunso a kanjira kozungulira dimba. Dimba likakhala mamita 10 ndi 6, kanjira kake n'kukhala x m'lifupi, iwo amathamangira kulemba 10 + x. Wojambula sangalakwe chonchi, chifukwa maso ake omwe amamuonetsa kuti kanjirako kali uku ndi uku, ndiye m'litali ndi 10 + 2x, m'lifupi 6 + 2x. Malo onse akakhala masikweya mita 96, x ndi mita imodzi: 12 kuchulukitsa ndi 8.

Koma limene ndikufuna mukhale nalo pansi awiriwiri ndi ili, chifukwa limapusitsa ngakhale ana anzeru. Pepala ndi masentimita 20 m'litali, 16 m'lifupi. Pakati pake amatapo chithunzi cha masikweya sentimita 192, ndipo m'mphepete monse mwatsala mpata wofanana. Mpatawo ndi waukulu bwanji? Apa tikuchotsera, ndiye (20 − 2x)(16 − 2x) = 192. Akamasula mabulaketi n'kugawa zonse ndi 4, zitsala x² − 18x + 32 = 0, ndipo mayankho ndi 2 ndi 16. Taona msamphawo? Palibe yankho lochepera pa ziro loti angolitaya osaganiza. Mwana amene analoweza kuti timataya la negetivu amalemba onse awiri. Koma tabwerera naye ku chithunzi. Pepala la masentimita 16 m'lifupi ungalidule 16 mbali iyi, 16 mbali inayo? Ukaika 16 m'malo mwa x umapeza −12 kuchulukitsa ndi −16, zimene zimaperekadi 192. Samuyo ikuvomera, pepala likukana. Yankho ndi 2, ndipo chithunzicho ndi 16 ndi 12.

Ine zimandisangalatsa kuti kujambulaku si njira ya ofooka ayi. Al-Khwarizmi, katswiri amene ankagwira ntchito ku Baghdad cha m'ma 820, yemwe mawu oti algebra anachokera m'zolemba zake, ankafotokoza masamuwa ndi mawu komanso zithunzi. Pofuna kuthetsa x² + 10x = 39, ankajambula sikweya, n'kuikira marekitango m'mbali, kenako n'kudzaza malo otsala mpaka sikweya yaikulu itakwana 64. Mbali yake ndi 8, kuchotsapo 5 (theka la 10 uja), yankho 3. Umuuzeko zimenezi, mwina asiya kuchita manyazi ndi pensulo.

Za fomula ija yopezera x mu quadratic equation usavutike nazo kwambiri. Mafakita, monga (x + 12) ndi (x − 7) aja, akakana kupezeka aigwiritse ntchito, imagwira nthawi zonse, bola asaiwale kulemba mamita kapena masentimita pa yankho.

Ukamandiyankha unditumizire mafunso awiri kapena atatu amene anamukanika, pamodzi ndi zimene anajambula, ngakhale zikhale zokhotakhota. Ndikufuna ndione pamene akusochera. Undiperekere moni kwa onse kunyumbako.

Ndine mnzako wa nthawi zonse.