Kalata yotseguka kwa Mkulu wa bungwe la CFTC pa za chinyengo potsatsa malonda pa intaneti

Olemekezeka Bwana Mkulu,

Ife amene tikulemba kalatayi timagwira ntchito yokonza ndi kuyendetsa mauthenga otsatsa malonda pa Facebook, Instagram ndi Google m'malo mwa eni mabizinesi. Tikupempha kuti bungwe lanu la Competition and Fair Trading Commission (CFTC) liyambe kuona ntchito imeneyi ngati malonda ena alionse, pomwe wolipira ali ndi ufulu wodziwa chomwe wagula. Venda akasokoneza sikelo yogulira chimanga, a Malawi Bureau of Standards ali ndi mphamvu yoiyesa. Koma mayi wogulitsa zitenje ku Limbe akalipira kuti malonda ake aonedwe ndi anthu 20,000, sikelo ili m'manja mwa amene walandira ndalamayo, ndipo palibe amaiyesa.

Vuto limayambira pa kalipiridwe. Makampani a Meta (mwini wa Facebook ndi Instagram) ndi Google amafuna ndalama zakunja kudzera pa khadi la ku banki. Ochita malonda ang'onoang'ono ambiri alibe khadi lolipirira kunja, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola iliyonse ikupweteka. Ndiye amatumiza makwacha pa Airtel Money kapena Mpamba kwa munthu amene ali ndi khadi, kuti awadinire batani la Boost, lomwe pa Facebook ndi lolipirira kuti uthenga ufike kwa anthu ambiri. Ambiri mwa anthu otere ndi okhulupirika. Koma adobadoba alowerera, ndipo njira zawo n'zodziwika. Wina amalandira K100,000 n'kuikapo theka lokha. Wina amadzipangira yekha mtengo wa dola osauza mwini ndalama. Umboni womwe mwini bizinesi amalandira ndi screenshot ya pa WhatsApp, chithunzi chomwe aliyense angachisinthe manambala pa foni m'mphindi zochepa.

Chovuta kwambiri kuchigwira ndi chakuti ndalama zonse zikhoza kuikidwa, manambala n'kukhala oona, koma osapindulitsa. Poyambitsa uthenga pa Facebook, munthu amasankha cholinga ndi dera. Akasankha cholinga choti anthu azipereka ma like, makina a Facebook amafunafuna anthu okonda kudina like pa chilichonse, chifukwa ndiwo otsika mtengo. Akasankha Malawi yense m'malo mwa Lilongwe, uthenga wa saluni ya ku Area 25 umakaonedwa ku Karonga ndi ku Nsanje. Nambala imatupa, kasitomala osabwera. Akasiya malo otchedwa Audience Network ali otsegula, uthengawo umatulukanso m'magemu ndi m'mapulogalamu ena a pa foni, momwe chala chimaphonya kachizindikiro kotsekera n'kudina uthengawo mwangozi, ndipo kudina kumeneko kukhoza kuwerengedwa.

Mawu a m'lipoti nawonso amasocheretsa munthu wosawadziwa. Nambala ya Clicks All imaphatikiza wodina chithunzi, wodina dzina la tsamba ndi wofuna kungowerenga mawu otsala. Link Clicks ndi okhawo odina ulalo (link) wopita ku tsamba lina. Landing Page Views ndi amene tsambalo linawatsegukiradi, ndipo kwathu kuno, komwe netiweki imachedwa ndipo bando imatha msanga, nambala yomalizayi imatsika kwambiri. Wosafuna chilungamo amaonetsa yoyamba yokha. Pa kanema, umodzi mwa miyeso ya Facebook umawerenga kuti munthu waonera pakangodutsa masekondi 3. Muyeso womwe makampani otsatsa malonda amatsatira, wa Media Rating Council ya ku America, umati uthenga wa chithunzi waoneka ngati theka lake lakhala pa sikirini kwa sekondi imodzi. Mwini golosale akamva kuti anthu 20,000 aona, iye amaganiza za anthu amene anaima n'kuwerenga.

Izi zagwetsa ngakhale makampani okhala ndi akatswiri awo. Mu 2016 Facebook inavomera kuti inkakokomeza nthawi yomwe anthu amaonera makanema, chifukwa powerengera inkasiya onse amene anaonera kosakwana masekondi 3; mu 2019 inagwirizana zolipira madola 40 miliyoni kuti mlandu wa otsatsa malonda uthe. Mu 2017 banki ya JPMorgan Chase inachepetsa masamba omwe inkatsatsapo kuchoka pa 400,000 kufika pa 5,000, ndipo inati sinaone kusintha kwenikweni. Chaka chomwecho kampani ya Procter & Gamble inadula ndalama zoposa madola 200 miliyoni zotsatsira pa intaneti. Kafukufuku wa ISBA, bungwe la otsatsa malonda, ndi kampani yowerengera ndalama ya PwC ku Britain mu 2020 anapeza kuti pa ndalama zodutsa m'misika ya makina yogulitsira malo otsatsira, 51 peresenti yokha ndi yomwe imafika kwa eni masamba, ndipo 15 peresenti sinadziwike komwe inalowera.

Palinso umbava weniweni. Aleksandr Zhukov wa ku Russia anachita lendi makompyuta pafupifupi 2,000, n'kuikamo mapulogalamu odziyerekeza ngati anthu: ankasuntha mawusi, kutsitsa tsamba, kuyambitsa ndi kuimitsa kanema, zonsezi pa masamba abodza ovala maina a nyuzipepala zotchuka. Chinyengochi chinatchedwa Methbot. Khoti la ku Brooklyn linamugamula zaka 10 mu 2021 ataba madola oposa 7 miliyoni. Gulu lina, la 3ve, lomwe linaphwasulidwa mu 2018 ndi FBI mothandizana ndi Google ndi makampani ena, linkagwiritsa ntchito makompyuta oposa 1.7 miliyoni a anthu wamba omwe sankadziwa kuti alowetsedwa vairasi.

Pafupi ndi ife pali eni masamba ndi anthu otchuka amene amalipiritsa kuti aike malonda anu pa tsamba lawo, mtengo n'kumaukweza potengera chiwerengero cha owatsatira. Otsatira amagulidwa, ndipo tsamba lonse limagulidwanso n'kusinthidwa dzina. Kuzindikira sikovuta. Gawo la Page Transparency limaonetsa tsiku lomwe tsamba linatsegulidwa ndi maina omwe lakhala nawo. Gawo la Insights, lomwe mwini tsamba angakuonetseni, limaonetsa maiko ndi mizinda komwe otsatira ali, komanso anthu omwe afikiridwa m'masiku 28 apitawo. Tsamba lolemba Chichewa lomwe otsatira ake ambiri ali ku Dhaka kapena ku Jakarta lagulitsa bodza. Ku America, lamulo la bungwe la boma loteteza ogula, Federal Trade Commission, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Okutobala 2024 limaletsa kugula kapena kugulitsa otsatira abodza pofuna kunamiza anthu pa malonda.

Lamulo la Competition and Fair Trading la 2024 linakupatsani mphamvu yolipiritsa chindapusa, ndipo kunamiza wogula n'koletsedwa kale. Chomwe chikusowa ndi ndondomeko yolembedwa yonena zomwe wolandira ndalama zotsatsira ayenera kupereka. Ife tikuona kuti asanayambe alembe dera, cholinga, masiku ndi ndalama ya tsiku lililonse. Akamaliza apereke lisiti lochokera ku Meta kapena Google, lokhala ndi nambala yake ndi madola omwe atuluka, kenako mtengo wa dola womwe wagwiritsa ntchito, ndipo malipiro ake alembedwe padera. Koposa zonse, mwini bizinesi apatsidwe chilolezo cholowa mu Ads Manager, malo a Meta oonetsa ndalama zomwe zatuluka ndi zotsatira za uthenga, kuti adzionere yekha. Chilolezo choonera chokha sichilola munthu kusintha kanthu kapena kukhudza khadi, ndipo n'chaulere. Wokana kuchipereka afunsidwe chifukwa chake. Zimenezi zitimanga ifenso, ndipo tikuzifuna, chifukwa wochita zoona sangapikisane pa mtengo ndi wolonjeza anthu 50,000 pa K10,000.

Ogwira ntchito anu olandira madandaulo aphunzitsidwe umboni woti afunse: uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba, zokambirana za pa WhatsApp, ndi lisiti. Pa Meta Ad Library, tsamba la Meta loonetsa mauthenga otsatsa malonda, aliyense angalembe dzina la tsamba n'kuona ngati uthenga ukuyenda, koma aone masiku omwe analonjezedwa asanathe, chifukwa uthenga wamalonda wamba ukatha umachokapo. Ndipo mukamaphunzitsa anthu pa wailesi, muwapatse masamu awa. Tiyerekeze kuti mwalipira K60,000, anthu 40 akulemberani kufunsa za malondawo, 5 agula. Kasitomala mmodzi wakudyerani K12,000. Ngati phindu pa chitenje ndi K3,000, mwaluza, ma like achuluke bwanji. Wogula aliyense afunsidwe kuti wamva kuti za malondawo, ndipo mwini bizinesi ayeseko kuimitsa kutsatsa kwa milungu iwiri aone ngati ogula achepa.

Tikudziwa kuti Meta ndi Google alibe maofesi kuno, ndipo kalata yochokera ku dziko limodzi laling'ono ikhoza kuchedwa kuyankhidwa. Koma bungwe la COMESA loona za mpikisano pa malonda ndi ufulu wa ogula lili ndi likulu lake mu Lilongwe momwemu, ndipo limagwira nkhani zodutsa malire. Tikupempha kuti mupititse kumeneko nkhani ya kubweza ndalama zolipirira kudina kwa mapulogalamu odziyerekeza ngati anthu, ndiponso kuti mugwirizane ndi MACRA pa za masamba abodza motsatira lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016. Za adobadoba a m'dziko muno sizikudikira aliyense wakunja, ndipo tili okonzeka kukhala pansi ndi akatswiri anu kuwaonetsa malipoti amenewa mzere ndi mzere.

Ife anu,
Ogwira ntchito yotsatsa malonda pa intaneti