Za dzanja la mdzukulu wanga

Mwana wanga,

Kuno ku Linga tili bwino, mpunga tamaliza kumweta. Koma azakhali ako abwera kuchokera kwanu ku Salima ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Akuti ukumamenya mwana ndi rula pazala chifukwa salemba zooneka bwino, ndiponso ukumukakamiza kulembera dzanja lamanja. Zoona zimenezi? Mwana wa Sitandade 2! Iwe amene aphunzitsi ankakubwezera kope kuti sakuwerengamo kanthu?

Mtsikanayo ndi wamanzere, anabadwa choncho. Watengera malemu agogo ako aamuna, amene ankasoka ukonde ndi manzere kunyanja kuno, anthu n'kumawapatsa maukonde awo kuti awakonzere. Musiye alembere dzanja lakelo.

Mwana wamantha amafinya pensulo mpaka kuboola pepala, dzanja n'kutopa asanamalize mzere. Ndiye rula yakoyo ndi imene ikuipitsa zilembozo, wamva? Khala naye pansi. Pensulo agwire ndi zala zitatu, osati kufumbata, komanso osati kunsonga kwenikweni, kuti aziona chomwe akulemba. Mutu wa kope upendekere kumanja, apo ayi dzanja limaphimba ndi kufufuta zomwe walemba kale. Kusukulu ukapemphe aphunzitsi amukhazike chakumanzere kwa mnzake, asamagundane zigongono. Bolopeni ayi, imaterera. Idikire kaye.

Ndipo mchenga unakusowani ku Salima konseko? Inu munayambira pansi, ndi chala, kuzunguliza a, e, i, o, u zikuluzikulu musanaone kope. Achite zomwezo pabwalo. Akamasokoneza b ndi d usakalipe, ana ambiri amsinkhu wake amatero. Muphunzitse chimodzi mpaka achizolowere, chinacho mawa. Mizere iwiri itatu madzulo yakwana. Azitongolanso chimanga, aziumba tiziwiya tadothi, zala zimalimba nazo zimenezo kuposa foni imene ndamva mumamupatsa kuti akhale chete.

Ndikudziwa ukuopa kuti adzalephera, mtima wako ndimaudziwa. Koma mayeso a MANEB a Sitandade 8 ali zaka 6 kutsogolo. Usamumenyenso, ndanena.

Akatsekera sukulu mubwere naye pamodzi ndi makope akewo, ndidzaone ndekha. Moni kwa mpongozi wanga, umuuze ufa wa kondowole ndamusungira.

Ndine mayi ako.