Tisayeze malipiro a anthu a njanji ku Britain ndi kwacha

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani imene yakhala ikutigawanitsa ife Amalawi amene tikugwira ntchito kuno ku Britain, imenenso abale athu kumudzi amaimva chapatali n'kumadabwa nayo. Ndikunena za kunyanyala ntchito kwa anthu a njanji, kumene kudayamba mu Juni 2022 ndipo sikudatheretu mpaka mu Seputembala 2024. Nkhaniyi ikangobuka, kaya ndi pasiwa kaya ndi panja pa tchalitchi mapemphero atatha, sipalephera kupezeka munthu wotulutsa foni, kuchulukitsa malipiro a dalaivala wa sitima ndi mtengo wa kwacha, kenaka n'kugamula kuti anthu amenewa ndi osayamika. Ineyo ndidali mmodzi mwa olankhula chomwecho, ndipo ndikulemba kalatayi chifukwa ndidasintha maganizo, ngakhale kuti sindidasinthe pa zonse.

Ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba kunja kwa mzinda wa Manchester, ndipo popita kuntchito ndimadalira sitima. M'sabata ina ya Disembala 2022, kukuzizira moti madzi ankauma m'misewu, sitima sizidayende masiku anayi. Tsiku loyamba ndidadzuka 4 koloko m'bandakucha, ndidakwera mabasi awiri, komabe ndidafika mochedwa ndi mphindi 50, ndipo mnzanga amene adachezera usiku wonse adalephera kuweruka mpaka nditafika, chifukwa okalamba sangasiyidwe okha. Tsiku lachiwiri ndidaopa kumuchedwetsanso, ndiye ndidakwera takisi ya mapaundi 28. Nthawi imeneyo ndinkalandira mapaundi 9.50 pa ola, malipiro otsikitsitsa amene lamulo linkalola, kutanthauza kuti maola atatu oyamba a tsikulo ndidagwirira takisi. Agogo ena a zaka zoposa 90, amene ndinkawasambitsa m'mawa uliwonse, adavala malaya awo apamwamba n'kukhala pafupi ndi zenera kudikira mwana wawo wochokera kutali, amene sadabwere chifukwa cha sitima zomwezo. Mtima udandiwawa kwambiri.

Madzulo ake ndidadutsa pasiteshoni yathu, pomwe ndidapeza anthu pafupifupi khumi ataima pakhomo ndi zikwangwani, akuotha manja pa makapu a tiyi. Pakati pawo padali mayi amene amandigulitsa tikiti, amene adandiphunzitsa ndili mlendo kuti tikiti ya sabata yonse ndi yotsika mtengo kuposa kugula tsiku ndi tsiku. Ndidawauza mosabisa kuti akutizunza ife osauka. Iwo sadakwiye. Adangondifotokozera kuti tsiku lililonse la sitiraka salipidwa, kuti malipiro awo adali asadakwere kwa zaka zingapo, komanso kuti ankaopa kuti zenera lawo logulitsira matikiti litsekedwa. Kenaka adandifunsa ngati kuntchito kwathu kuli bungwe la ogwira ntchito. Ndidayankha kuti kulibe, ndipo funso limenelo ndidayenda nalo mpaka kunyumba.

Cholakwika choyamba chimene ambirife tidachita chidali kuganiza kuti aliyense wonyanyala ndi dalaivala. Sitiraka ya pa 21, 23 ndi 25 Juni 2022, imene idali yaikulu kuposa ina iliyonse ya njanji chiyambire 1989, idaitanidwa ndi bungwe la ogwira ntchito la RMT, limene panthawiyo linkatsogozedwa ndi a Mick Lynch, ndipo anthu pafupifupi 40,000 amene adatengapo mbali ambiri adali okonza njanji, oongolera sitima ndi zizindikiro, makondakitala, ogulitsa matikiti ndi ena ogwira ntchito m'masiteshoni. Madalaivala ambiri ali m'bungwe lina la ASLEF, limene panthawiyo linkatsogozedwa ndi a Mick Whelan, ndipo mkangano wawo udali wapadera. Boma linkakonda kutchula chiwerengero cha mapaundi 44,000 pachaka monga malipiro apakatikati a munthu wa njanji, koma chiwerengero chimenechi chidali chophatikiza madalaivala, pomwe a RMT ankanena kuti mamembala awo ankalandira pafupifupi mapaundi 33,000. Mayi wa pazenera uja ndi dalaivala wa sitima yothamanga yopita ku London adaikidwa m'dengu limodzi, ndipo ife tidalandira dengulo osasanthula.

Sindikubisa kuti madalaivala amalandira bwino. Malipiro awo apakatikati adali pafupifupi mapaundi 60,000 pachaka, pomwe anga sankafika n'komwe 20,000. Koma funso limene iwo ankafunsa silidali loti kodi ndani akulandira zambiri pakati pa iwo ndi ine. Ambiri mwa iwo adali asadakwezedwe malipiro chiyambire 2019, ndipo mu Okutobala 2022 kukwera mitengo kwa zinthu kudafika pa 11.1 peresenti, mlingo umene dziko lino lidali lisadauone kwa zaka zoposa 40. Magetsi, gasi wotenthetsera nyumba, mkaka, buledi ndi lendi, zonse zidakwera nthawi imodzi. Munthu amene malipiro ake aima pamodzimodzi pamene mitengo ikuthamanga chotero amakhala kuti wadulidwa malipiro, ngakhale palibe adamulembera kalata yomudziwitsa.

Owerenga a ku Malawi sakufunika kuphunzitsidwa zimenezi ndi munthu wa kunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mphunzitsi wa ku Dowa ndi namwino wa ku Zomba adaona okha kuti ndalama yomwe inkagula thumba la feteleza ndi kulipira lendi yayamba kuthera panjira mwezi usadafike pakati. Kodi mphunzitsi ameneyu akadandaula, ndi bwino kumuuza kuti akhale chete chifukwa waganyu wa kumunda kwake amalandira zochepa kuposa iye? Waganyuyo sapindula kalikonse mphunzitsi akakhala chete. N'chimodzimodzinso kuno. Kusandutsa mapaundi kukhala makwacha kumatipusitsa, chifukwa amene amalandira mapaundi amalipiranso lendi, msonkho ndi magetsi m'mapaundi omwewo. Tonse amene tili kuno timadziwa mmene zimapwetekera wachibale kumudzi akamawerengera malipiro athu m'makwacha n'kumaganiza kuti tikusambira m'ndalama, ndiye n'zomvetsa chisoni kuti ifenso timawachita anzathu a njanji zomwezo.

Chinthu china chimene sindinkachidziwa n'chakuti kuno sitiraka sichitika mwachisawawa. Malinga ndi malamulo amene ankagwira ntchito panthawiyo, mamembala ankayenera kuponya voti yachinsinsi kudzera papositi, theka la iwo linkayenera kuvota, olemba ntchito ankayenera kudziwitsidwa masiku 14 tsikulo lisadafike, ndipo chilolezo cha votiyo chinkatha pakapita miyezi 6, kenaka n'kuvotanso. Anthu a njanji adavota mobwerezabwereza, akudziwa kuti tsiku lililonse lonyanyala ndi ndalama yotayika m'thumba mwawo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo sindikhulupirira kuti anthu masauzande angadzimane malipiro kwa miyezi yambiri chonchi chifukwa chongotengeka ndi mtsogoleri wodziwa kulankhula pawailesi yakanema.

Boma nalo silidali loonerera chabe monga linkadzionetsera. Chiyambire mliri wa Covid-19, makampani oyendetsa sitima ku England ankagwira ntchito pa mapangano amene boma ndilo linkatolera ndalama za matikiti ndi kuvomereza ndalama zogwiritsa ntchito, moti kampani sikadatha kulonjeza malipiro atsopano popanda chilolezo cha nduna. Komabe a Grant Shapps, amene adali nduna ya zamtengatenga sitiraka ikuyamba, ankanena kuti nkhaniyi ndi ya olemba ntchito ndi mabungwe. Mu Januwale 2023, nduna yoona za njanji, a Huw Merriman, adavomera pamaso pa komiti ya aphungu kuti masitiraka adali atawonongetsa kale ndalama zambiri kuposa zimene zikadafunika kuthetsa mkanganowo. Nditamva zimenezi ndidakumbukira mapaundi 28 anga a takisi, ndipo ndidazindikira kuti mkwiyo wanga wonse ndidautula pa mbali imodzi yokha.

Mapeto ake adagwirizana ndithu. Mu Malichi 2023 mamembala a RMT ogwira ntchito ku Network Rail, kampani yosamalira njanji ndi zizindikiro zake, adavomera kukwezedwa ndi 9 peresenti pa zaka ziwiri, olandira zochepa akupeza zochulukirapo. Madalaivala adavomera mu Seputembala 2024, boma la Labour litangolowa, ndipo adapatsidwa 5 peresenti, 4.75 peresenti ndi 4.5 peresenti pa zaka zitatu. Aliyense angathe kuyerekeza ziwerengerozi ndi mmene mitengo idakwerera m'zaka zomwezo, ndipo adzaona kuti anthuwa sadalemere nazo ayi, adangochepetsako zimene adataya.

Pa nkhani ya maganizo a anthu, ndidaona chinthu chimene chidandiphunzitsa zambiri. Anamwino atanyanyala ntchito mu Disembala 2022, anthu ambiri adawamvera chisoni kuposa mmene ankamvera a njanji, makamaka madalaivala. Koma mu Julayi 2023 makampani atalengeza zotseka pafupifupi maofesi onse ogulitsira matikiti m'masiteshoni a ku England, amene adali pafupifupi 1,000, anthu okwana 750,000 adatumiza maganizo awo, ndipo pafupifupi onse adakana. Akhungu, oyenda panjinga za olumala, okalamba amene sadziwa kugula tikiti pafoni, onsewa adanena kuti akufuna munthu wamoyo pazenera. Pa 31 Okutobala 2023 boma lidalamula kuti ganizolo lisiyidwe. Anthu omwewo amene ankatukwana sitiraka adapezeka akuteteza ntchito za onyanyalawo, atazindikira kuti zimene mabungwe ankachenjeza zikuwakhudza iwo eni. Mayi uja akadali pazenera lake mpaka lero.

Pali zimene sindidagwirizane nazo ndipo sindigwirizana nazobe. Sitiraka ya njanji siwawa anthu mofanana. Wa muofesi amangotsegula kompyuta kunyumba kwake n'kugwira ntchito ali pampando wofewa, wagalimoto amaliza galimoto yake, koma wosamalira okalamba, wokolopa m'chipatala ndi wophika m'lesitilanti sangagwire ntchito ali kutali, ndipo ambiri mwa iwo akapanda kufika salipidwa. Kunyanyala m'nyengo ya Khirisimasi, pamene anthu amayenda kukaona makolo awo, kudali kupweteka anthu osalakwa kuposa mmene kudapwetekera nduna iliyonse. Atsogoleri a mabungwe amene amalankhula m'dzina la apantchito onse ayenera kumakumbukira anthu amenewa posankha masiku, ndipo ndikadakonda kumva mawu awo akukwera mofananamo pa nkhani ya okolopa m'sitima, amene ambiri adalembedwa kudzera m'makampani apadera ndipo amalandira zochepetsetsa pa njanji yonse.

Koma funso la mayi wa pazenera lija ndilo lidandivuta kwambiri. N'chifukwa chiyani ife osamalira okalamba, amene timanyamula anthu, kuwasambitsa, kuwamwetsa mankhwala ndi kuwagwira dzanja akamatsirizika, timalandira malipiro otsikitsitsa? Si chifukwa chakuti dalaivala adatenga gawo lathu. Ndife omwazikana m'makampani ang'onoang'ono masauzande, ochepa okha ndiwo ali m'mabungwe, ndipo ambiri mwa ife ochokera kunja tili ndi ziphaso zomangiriridwa kwa wolemba ntchito mmodzi, moti ntchito ikatha umapatsidwa masiku 60 okha kuti upeze wina wokutenga, apo ayi ubwerere kwanu. Munthu wotere amaopa ngakhale kufunsa za maola ake a ovataimu amene sadalipidwe. Anthu a njanji amamvedwa chifukwa ali pamodzi ndipo akaima dziko limadziwa. Malipiro athu amakwera pokhapokha boma likakweza mlingo wotsikitsitsa, monga lidachitira kufika pa mapaundi 10.42 mu 2023 ndi 11.44 mu 2024, ndipo sitikhala nawo pagome pamene zimenezi zikukambidwa. Chaka chatha ndidalowa m'bungwe la ogwira ntchito, ndipo anzanga atatu a pashifiti yathu adalowanso.

Kwathu ku Malawi mbiri ya kunyanyala ntchito si yachilendo. Mu Meyi 1992 ogwira ntchito pafakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre adanyanyala pofuna malipiro abwino, panthawi imene kutsegula pakamwa kudali koopsa, ndipo moto umene adayatsa udathandiza kutifikitsa ku referendamu ya 1993. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo kuti wolemba ntchito azitha kudula malipiro a munthu amene wanyanyala kupitirira masiku atatu pachaka. Kuno nako boma la chipani cha Conservative lidakhazikitsa lamulo mu 2023 lokakamiza ena mwa ogwira ntchito kuti azigwirabe patsiku la sitiraka. Maiko awiriwa ndi osiyana kutali pa chuma, koma m'maiko onsewa olamula amafulumira kukonza malamulo ochepetsa sitiraka kuposa mmene amafulumirira kukonza malipiro amene amaiyambitsa.

Pempho langa kwa inu, a Mkonzi, ndi lakuti atolankhani anu akamalemba za aphunzitsi, anamwino kapena ogwira ntchito m'boma amene akuopseza kunyanyala, asamangotiuza maperesenti amene akufuna. Azitiuzanso chaka chimene adakwezedwa komaliza, mtengo wa thumba la chimanga la makilogalamu 50 panthawi imeneyo ndi mtengo wake lero, lendi ya nyumba ya zipinda ziwiri ku Ndirande kapena ku Area 25, ndi ndalama ya minibasi yopita ndi kubwera kuntchito. Azifunsanso wogwira ntchito wotsikitsitsa pamalopo, osati mtsogoleri wa bungwe ndi nduna okha.

Ine wowerenga wanu,
Mmalawi wosamalira okalamba,
Manchester