Otsatsa malonda asamatisankhire zoonera

Mkonzi,

Sindikugwirizana ndi zimene zinalembedwa m'nyuzipepala yanu zakuti kuchuluka kwa nyumba za kanema kwapindulira woonera, chifukwa mpikisano ukakula, amene amalamula zoti zionetsedwe ndi mwini ndalama za malonda.

Ku America, kumene kampani ya Nielsen yakhala ikuwerengera oonera kuyambira mu 1950, otsatsa malonda amalipira kwambiri pulogalamu imene ikukopa anthu a zaka 18 mpaka 49. N'chifukwa chake mu 1971 kanema ya CBS inathetsa mapulogalamu angapo okamba za moyo wakumudzi, ngakhale kuti ena anali ndi owaonera ambiri. Vuto linali lakuti owaonerawo anali achikulire ndi anthu akumidzi, amene amalonda sankawaona ngati ogula. Lero Netflix ndi YouTube zikulanda oonera, ndipo mantha otaya malonda akulirakulira.

Kuno kwathu, kumene mu 1999 tinali ndi kanema ya TVM yokha, zomwezi zayamba. Mayi anga ankasiya nsima pamoto kuti asaphonye pulogalamu ya ulimi pa kanema ina, koma tsiku lina anapeza kuti nthawiyo yagulidwa ndi wogulitsa mankhwala azitsamba, ndipo pulogalamuyo sinabwerenso.

Ndikupempha bungwe la MACRA kuti liike malire a mphindi za malonda pa ola lililonse, komanso kuti lilamule kanema iliyonse kupatula nthawi yamadzulo ya zaulimi, zaumoyo ndi za ana, imene singagulitsidwe kwa wina aliyense.

Wowerenga wanu,
Zomba