Tithandizeni kukonza khitchini ya sukulu yathu mpweya wakupha usanatilande munthu

Kwa inu nonse amene munaphunzira pasukulu pano, makolo ndi abale athu akufuna kwabwino,

Ife a komiti ya sukulu tikulemba ndi manyazi, koma kukhala chete sitingathe. Khitchini ya ana ogonera pasukulu tayitseka. Amayi awiri ophika anakomoka m'menemo ali pa ntchito, ndipo mlonda akanapanda kuwapeza msanga, bwenzi kalata ino ili uthenga wa maliro. Kuchipatala anawaika pa oxygen, ndipo anatiuza kuti anapuma mpweya wa carbon monoxide wochokera ku mbaula za gasi.

Khitchiniyi mukuidziwa. Ndi ija ya timazenera ting'onoting'ono, imene munkafola pakhomo pake mbale zili m'manja. Inamangidwa nthawi yophikira nkhuni, utsi ukutulukira m'mipata ya pansi pa denga. Denga litakonzedwa mipata ija inatsekeka. Amene anabweretsa mbaula za gasi analonjeza kuti adzaika chumuni, ndiponso kuti azidzatumiza mmisiri chaka ndi chaka kudzaziona. Mpaka lero chumunicho kulibe, mmisiriyo sanapondepo, ndipo tikaimba foni sayankha.

Ambiri amati gasi saopsa chifukwa akamatuluka amamveka fungo. Fungo limenelo amachita kuthiramo dala kuti anthu azizindikira silinda kapena paipi ikamadontha. Carbon monoxide ndi nkhani ina. Mpweya umenewu umapangika gasi akamayaka pamalo osalowa mphepo yokwanira, kapena tizibowo ta mbaula tikatsekeka ndi litsiro. Ulibe fungo, suoneka, ndipo sutsokomoletsa ngati utsi. Ukalowa m'mapapo umapita m'magazi n'kukakhala pamalo pa oxygen, ndipo umagwira magaziwo mwamphamvu kuposa oxygen maulendo oposa 200. Munthu amapuma ndithu, koma ubongo ndi mtima zikusowa mpweya.

Amayi athuwa anali atadandaula kwa nthawi yaitali za mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka. Akayezetsa malungo sankawapeza nawo. Akapita kunyumba ankapezako bwino, akabwerera m'khitchini mutu uja n'kuyambiranso, onse awiri nthawi imodzi. Ndi mmene mpweyawu umadziwikira: anthu angapo kudwala mofanana pamalo amodzi, thupi osatentha, n'kumachira akatuluka panja. Mbaula nazo zinkaonetsa. Moto wa gasi woyaka bwino umakhala wabuluu, koma wathu unali wachikasu, ndipo kunsi kwa mapoto kunkada ndi mwaye.

Chimene chikutisowetsa tulo ndi usiku. Chipinda cha amayi oyang'anira atsikana chagundizana ndi khitchiniyi, ndipo ana odwala amagonekedwa momwemo. Munthu akaupuma mpweyawu ali m'tulo sadzidzimuka ayi, amangopitirira. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya womwewu, jenereta nayonso chimodzimodzi, ndipo inu amene munagonapo m'mahositelo muno mukudziwa zimene ana amachita kukazizira.

Sitinangokhala manja lende. Makolo aumba njerwa ndipo aziotcha kale, zomangira kanyumba ka masilinda kunja kwa khitchini. Aphunzitsi asonkha kangachepe m'matumba mwawo. Pakali pano tikuphikira panja pansi pa chisakasa, tabwereranso ku nkhuni. Mvula ikagwa ana amadya mochedwa, ena amalowa m'kalasi ndi njala. Sukulu imene inatulutsa anthu ngati inu siyenera kuoneka chonchi, ndipo alendo akabwera timasowa poyang'ana.

Pamene mphamvu zathu zathera ndi apa. Tikufuna mmisiri wodziwadi za gasi, wokhala ndi mapepala ake, adzatsuke ndi kukonza mbaula zonse, asinthe mapaipi a labala amene ang'aluka pamodzi ndi ma regulator. Khoma liyenera kubooledwa kuti mazenera akule, pakhale mipata m'mwamba komanso m'munsi, chifukwa gasi wa m'silinda ndi wolemera kuposa mpweya wamba ndipo akatuluka amadikha pansi. Pakufunikanso chumuni, simenti, malata ndi zitsulo. Koma choyamba pa zonse ndi ma alamu a carbon monoxide oyendera mabatire, oti aikidwe m'khitchini, m'chipinda cha odwala ndi m'mahositelo. Amene mukufuna kugula, chonde onetsetsani kuti ndi a carbon monoxide, pakuti alamu ya utsi wamba siumva mpweyawu. Muonenso tsiku lothera ntchito, popeza ambiri amagwira zaka 5 mpaka 10 basi.

Ndalama yake si yochepa kwa ife, koma kwa gulu ngati lanu si yokanika. Pakati panu pali madokotala, anamwino, mainjiniya ndi eni mabizinesi. Mbiri yanu timaimva, ndipo timaitchula monyadira pamaso pa ana pa asembule. Komabe ena mwa inu chichokereni pano simunabwereko ngakhale kudzapereka moni. Sitikukuimbani mlandu, moyo wa kutali tikudziwa kuti uli ndi zake. Tingokukumbutsani kuti mmodzi mwa amayi anakomokawo anakuphikirani inuyo muli ana, ndipo mayina anu amawakumbukirabe.

Popeza ambiri a inu mumaphikira gasi kwanu, mverani izinso. Musaphike mazenera onse ali otseka, ndipo musaothe moto wa mbaula ya gasi m'nyumba. Mukakayika kuti gasi akutuluka, pakani madzi a sopo polumikizira muone ngati pakuchita thovu, osayesa ndi machesi. Wina akayamba chizungulire kapena kukomoka, mutulutseni panja, tsekani silinda, tsegulani zitseko, ndipo pitani naye kuchipatala ngakhale atanena kuti wapeza bwino. Kuiwalaiwala ndi kusokonezeka mutu kumatha kubwera patapita masiku kapena masabata.

Amene muli ndi chotithandiza, kaya ndalama, zipangizo kapena luso la manja anu, lankhulani ndi a mphunzitsi wamkulu kapena a wapampando wa komiti. Uzaninso anzanu a m'kalasi mwanu amene kalatayi siwafika. Tikufuna ntchitoyi ithe nyengo yozizira isanafike, ndipo khitchiniyi sitiitsegula mmisiri asanaione.

Ife anu,
A komiti ya sukulu